Pomwe Ndinatsikira pa Manenekela

Zione, taibweretsa pafupi njinga yakoyo ndiinyamuleko. Ha, iyi ndi njinga kapena ambulera? Zala ziwiri zokha zaikweza. Ndiye Loweruka ukupita nayo ku Manenekela ndi anzako a tikabudula tothina aja, mukakwere phiri popanda katundu, popanda wokutumani, kungofuna basi. Chabwino, khala pansi. Nawenso Mabvuto, malaiti anathima m'mawa ndipo foni yako yafa, palibe kothawira. Sendera kuno uzisankha nyembazi. Ndili ndi mawu ndi mlongo wako ndipo ndikufuna mboni.

Dzulo pampopi amayi a panyumba yobiriwira ija anati, "Uyu mwana anatengela mendo ya ambuye bake bamuna." Onse anavomera kuti miyendo yakoyo, Zione, ndi ya agogo ako aamuna. Ine ndinangotunga madzi anga n'kubwerera. Kuno ku Kalingalinga ngakhale mwana wadzana amadziwa kuti agogo anu aMbewe ankatchedwa Sapondapansi, munthu amene ankakwera Manenekela panjinga ndi mtanga wa nsomba osatsitsa phazi. Dzina limenelo ndalisamala ngati dzira zaka zoposa makumi anayi. Koma paphiri limenelo pali kagawo kanga kamene sindinamalize, mapazi ngati zana limodzi, ndipo kamandiwawa mpaka lero. Ndikufuna kamalizidwe ndisanafe.

Ine ndinabadwira ku Matero. Atate anga anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, akuti akupita kumigodi. Kumigodiko sanafike. Anathera kuphika m'nyumba ya mzungu kuno, n'kukhala mtchona, ndipo tsiku lililonse ankadandaula kuti Lusaka alibe phiri ngakhale limodzi loti maso apumirepo. Choncho ndinakula ndikumva za mapiri osawaonapo. Anali ndi njinga yopitira kuntchito, ndipo Lamlungu masana akagona ndinkaiba. Chishalo sindinkachifikira, ndiye ndinkapisa mwendo pansi pa mtanda n'kumapalasa thupi lili cham'mbali, kuzungulira kuseri kwa msika. Nditasinkhukirako ndinakwera pachishalo penipeni, ndipo anyamata a mumzere wathu ndinkawasiya akutsokomola fumbi langa.

Amayi atamva anandikwapula ndi mthiko mpaka unathyoka. Ankati mtsikana wopalasa njinga sabereka, ndipo palibe mwamuna angamufunsire. Musaseke, ana inu. Ankakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ankandikonda. Ine ndabereka asanu ndi awiri, koma nthawi imeneyo umboni ndinalibe. Ndinalonjeza kuti ndasiya, ndipo ndinasiyadi. Nditakwatiwa sindinawauze agogo anu kuti mkazi amene atengayu amadziwa kupalasa.

Agogo anu inu munawapeza atakalamba, akukonza njinga za anthu pansi pa mtengo ku Mtendere, magalasi omanga ndi ulusi. Ine ndinawapeza ali munthu wamfupi, wachifuwa chachikulu, wa akatumba olimba gwa, wosayankhulayankhula pokhapokha nkhani ikhale ya njinga. Yawo inali yakuda, ya mitanda iwiri, mabuleki a ndodo zachitsulo, osati timawaya tanuti. Zione amandiuza kuti yake ili ndi magiya makumi awiri ndi kanthu. Ya agogo anu giya inali imodzi, ntchafu. Loweruka madzulo ankayamba kupukuta masipoko ndi palafini, limodzi limodzi, kenako ndi pomwe ankakumbukira kuti nsapato zakutchalitchi nazo zikufuna polishi. Ndinkawanena kuti ndinakwatiwa pamitala ndipo wamkulu ndi njingayo, iwo ankangomwetulira osakana.

Ntchito yathu inali ya nsomba zouma. Tinkakagula ku mlatho wa Luangwa n'kudzagulitsa pamsika pano. Masiku atatu kupita, masiku atatu kubwera, nthawi zina anayi mphepo ikatikana. Amuna ena ankapita okha, koma agogo anu ankanditenga chifukwa mwamuna sadziwa kugula nsomba. Amaona kunja kwawala, osadziwa kuti m'kati anankafumbwe adya kale. Ine ndinkaithyola pamsana, ndinkainunkhiza m'makha, ndipo asodzi akandiona ndikubwera ankabisa okha zoipazo. Ana tinkawasiyira apongozi anga. Popita ndinkakhala pakaliyala. Pobwera kaliyala inali ya mtanga, ndiye ine ndinkakhala pamtanda kutsogolo, titapindapo chiguduli, mutu wanga pansi pa chibwano chawo. Inu mumati chikondi ndi kutumizirana timitima pafoni. Yesani kukhala pachitsulo masiku atatu mukumva mpweya wa munthu m'khutu, mudzandiuze.

Kamba wathu anali chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yootcha ndi munkoyo m'chigubu. Osati timadzi tamitundumitundu timene iwe Zione umamwa m'kabotolo koyamwa ngati khanda. Tikadutsa Chongwe dziko linkayamba kuwinduka, tikadutsa Rufunsa mapiri ankatizinga. Tsiku loyamba kuwaona ndinalira, ndinakumbukira atate anga. M'nyengo yozizira udzu unkakhala wofiirira ndipo zala zinkauma pachitsulo. Nthawi ya dzuwa mitengo inkaphuka masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa. Mvula ikayandikira tinkatola masuku m'mbali mwa msewu, anyani akutiyang'ana ngati tawabera.

Kutsika Manenekela popita kunali ndi nzeru yake. Mabuleki aja akanatentha n'kutha tisanafike pakati. Ndiye tinkadula nthambi yaikulu yamasamba, n'kuimanga ndi chingwe kumbuyo kwa njinga kuti izikwekwereka pansi. Tinkatsika fumbi lili kobo kumbuyo kwathu, kumanzere thanthwe, kumanja phompho, pansi pake mafupa a malole amene anakana kukhota. Sindinkaopa. Ndinkakonda, ngakhale ndinkanamizira kukuwa pang'ono kuti agogo anu asangalale.

Nkhani inali pobwera. Kuchokera kumtsinje msewu umakwera, umakhota, umakweranso, ndipo ukaganiza kuti watha umapeza wangobisala kuseri kwa thanthwe. Panali makona atatu oipitsitsa. Pa lachitatu, lomaliza, panali mutu wa lole yopsa umene unakhala pamenepo zaka zambiri. Ukangozungulira loleyo msewu unkafewa, ndipo patsogolo pako, mapazi ngati zana, panali mkuyu waukulu. Pamenepo amayi a m'midzi ankagulitsa munkoyo, nthochi ndi masau, ndipo ansomba onse ankapumira pomwepo.

Ansombawo anali ndi mwambo wawo. Mwamuna amene wakwera kuyambira pa kamlatho ka kumunsi mpaka pamkuyu ali pachishalo, osaponda pansi, osagwirira lole, osakankhidwa, ankadula legeni, kachingwe ka chubu chakutha kamene tinkamangira katundu, n'kukamanga panthambi. Kapu yoyamba ya munkoyo inali yake. Ambiri ankakankha njinga zawo phiri lonse, ndipo sizinali zamanyazi. Manyazi anali a munthu amene wadzitama kenako walephera. Panali aTembo a ku Chaisa, wamtali, wapakamwa ngati wailesi, amene ankapeka nyimbo zonyoza pomwepo. Mnyamata wina wa ku George anadzitcha ngwazi, mwendo n'kumukokana pakona lachiwiri. ATembo anamuimba kuyambira ku Luangwa mpaka mu Lusaka, ana a m'makomboni n'kuitola nyimboyo, mpaka munthu uja anasiya nsomba n'kusamukira ku Kafue.

Nthambi ya agogo anu inali yakuda ndi malegeni. Ankanyamuka pomalizira, ena onse atapita kale, akuti sakonda kupanikizana pamsewu. Mboni yawo ndinali ine, ndipo aliyense ankadziwa kuti Nachisale ndi mayi wakutchalitchi, sanama. Akandifunsa ngati aMbewe aponda pansi, ndinkati ayi, ndipo zinali zoona. Za dzanja langa palibe anafunsapo.

Zinayamba pa ulendo wanga woyamba. Tinafika pa kamlatho kaja, ine ndinatsika monga ndinkachitira pa chitunda chilichonse, ndikuyenda pambuyo ndi pampu ndi chigubu. Pakona lachiwiri njinga inatsala pang'ono kuima. Ndinaona tayala lakutsogolo likugwedezeka, likuyang'ana kuphompho. Sindinaganize. Dzanja linapita lokha pamtanga, ndinakankha. Iwo sanacheuke. Tinakwera choncho, iwo akupalasa, ine ndikuthamanga chowerama, mpaka pa lole yopsa. Pamenepo ndinachotsa dzanja, iwo anazungulira okha n'kuimba belu. Ine ndinakhala pamwala kudikira kuti thukuta liume ndi mpweya ubwerere, kenako ndinatulukira pang'onopang'ono ngati mkazi amene amangodziyendera.

Sitinakambiranepo, ngakhale tsiku limodzi. Iwo sankacheuka, ine sindinkanena. Musawaone ngati wabodza, ana inu. Mphamvu anali nazo zoposa amuna onse a pamkuyu paja, ndipo dzanja langa linkangofunika pamakona atatu aja. Mutu umodzi susenza denga. Ndinkanyadira ndikamva belu lija, chifukwa ndinkadziwa kuti likulira ndi kwa ine komwe.

Koma mtima ndi wovuta. Zaka zonsezo maso anga anali pa zidendene zawo, ndipo phirilo ndinaliphunzira kuchokera kumbuyo. Ndinadziwa pomwe amaimirira pamapedulo ndi pomwe amakhalanso pansi. Ndinadziwa kuti potsetsereka kwambiri salunjika, amadula msewu uku ndi uku khutu lili tcheru kumvera lole. Ndinadziwa kuti pakona amadutsa kunja, kumene kuli kotalika koma kofewa, ndi kuti amapuma kawiri pa kupalasa kumodzi. Ndikamakankha, miyendo yanga inkapalasa nawo m'maganizo. Kunyumba ndikamasinja, ndinkapezeka ndikuwerenga makona aja ndi munsi. Ndinkalakalaka, ana inu, ndinkalakalaka ngati mmene mayi woyembekezera amalakalakira dothi, ndipo panalibe woti ndimuuze.

Tsiku langa linabwera m'chilimwe, dzuwa lili loswa mtengo. Kuchigwa kuja kuli udzudzu wosamva utsi, ndipo agogo anu anadzuka maso ali ofiira, akuti ndi tulo chabe. Pamtanda paja ndinkamva chifuwa chawo chikunditentha kumsana ngati mbaula. Ndinati tikhale tsiku limodzi, anakana. Tinafika pa kamlatho, tinadikira kuti aTembo ndi anzawo asowe kutsogolo, iwo n'kukwera. Sanafike n'komwe pakona loyamba. Ndinakankha ndi manja onse awiri, koma njinga inapendekeka, ndipo ndinaona phazi la Sapondapansi likutsika n'kuponda phula. Anaigwetsera njingayo kwa ine, anakhala m'mbali mwa msewu, anasanza, kenako anayamba kunjenjemera dzuwa lonse lija.

Ndinawamwetsa madzi. Ndinati chipatala cha amishoni chili kutsogolo, kuseri kwa phiri, ndiye tiyenera kukwera phirilo ndithu, kaya ndi chokwawa. Anati atha kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, koma njinga ndi mtanga sangathe. Ndinawathyolera ndodo. Tsono apa ndinene zoona, pakuti ndakuitanirani zoona. Njingayo ndikanatha kuikankha ngati mmene amuna ena onse ankachitira. Palibe chinandikakamiza kukwera. Ndinabwerera nayo pa kamlatho penipeni, poyambira, ndinapinda chitenje n'kuchipisa pakati pa miyendo, ndinachimanga m'chiuno ngati kabudula, ndinavula mapatapata n'kuwasomeka pamtanga.

Agogo anu anandiyang'ana, nati, "Nachisale, mukuchita chiyani?"

Ndinati, "Inu muziyenda. Mundipeza kutsogolo."

Ndinaponda pedulo, ndinaponya mwendo pamwamba pa mtanda, ndipo thupi linakumbukira lokha. Zaka zoposa khumi ndisanakhale pachishalo, koma njinga inandilandira. Chishalo chinali chachitali, ndinkafikira ndi zala za kumapazi. Mtanga unkandikokera uku ndi uku. Ndinawadutsa ali chiimire ndi ndodo yawo, pakamwa pali yasa, ndipo nanenso sindinacheuke.

Kona loyamba ndinalidutsa ndikuseka ndekha. Pambuyo pake kuseka kunatha. Mapedulo achitsulo ankandidya kumapazi, thukuta linkalowa m'maso, m'kamwa munali kukoma kwa magazi. Ndinaimirira pomwe iwo ankaimirira. Ndinadula msewu uku ndi uku monga ndinkawaonera. Pakona lachiwiri, pomwe dzanja langa linkafunika nthawi zonse, ndinamva njinga ikufa pansi panga, ndipo kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Ndinaponda ndi thupi lonse, ndinakoka mahandulo mpaka anatetera, pedulo linaima pamwamba ngati likuganiza, kenako linatsika. Linatsikanso lina. Miyendo imene inakankha mwamuna ndi mtanga zaka zonse zija sinali miyendo yamasewera, ndipo ndinazidziwa tsiku limenelo.

Pakati pa kona lachiwiri ndi lachitatu pali pamalo pomwe mitengo imatseguka. Ndikamakankha sindinkaonapo kanthu, nkhope inkakhala mumtanga. Tsikulo ndinadzutsa mutu ndipo ndinaona chigwa chonse chili pansi panga, mapiri akutsatana mpaka kusanduka utsi, nkhwazi kapena kabawi, kaya chinali chiyani, chikuuluka m'munsi mwa mapazi anga. Ndinati kodi agogo anuwa akhala akuona zimenezi okha nthawi yonseyi. Sindinali mkazi wa munthu, sindinali mayi wa munthu, ndinali kamtsikana ka ku Matero kaja. M'moyo wanga wonse, kuphatikiza tsiku laukwati, ndi anthu asanu ndi awiri amene ndinabereka, sindinakondwepo ngati nthawi imeneyo. Amayi anu asamve zimenezi.

Kenako ndinaona lole yopsa. Mpweya ndinali nawo, miyendo inali ikadalipo. Choipa chonse chinali kumbuyo. Ndinkamva kale mawu a pamkuyu, amayi a munkoyo akuseka, ndi mawu a aTembo pamwamba pa onse, akufunsa kuti kodi Sapondapansi wachedwa kuti lero. Kunangotsala kuzungulira loleyo ndi kupalasa mwina makumi atatu.

Ndinaona mmene zikanakhalira. Mkazi atulukira pachishalo cha aMbewe, ntchafu zili pamtunda, mwini wake akubwera pambuyo ndi ndodo. Sakanati munthu wadwala. Akanayang'ana miyendo yanga, akanayang'ana nthambi ija, n'kuyamba kuwerengera. Nyimbo ikanafika ku Kalingalinga ife tisanafike. Agogo anu analibe munda, analibe sukulu, kwawo kwenikweni sankakudziwa, anali mwana wa mtchona ngati ine. Chimene anali nacho pa dziko lino, choti akalowa pamsika anthu n'kumupatsa mpando, chinali dzina lija.

Ndinagwira buleki. Ndinatsitsa phazi langa lamanzere, ili, ndinaponda pansi pafupi ndi tayala lopsa la lole ija. Phula linali lotentha, koma sindinalimve. Ndinatsamiritsa njinga, ndinamasula chitenje, ndinavala mapatapata, ndinakhala pamwala wanga uja. Ndinalira mwakachetechete kuti a pamkuyu asamve.

Anatenga nthawi yaitali kuti afike. Anabwera akudzikoka, milomo itauma. Anayang'ana njinga, anayang'ana ine, nati, "Mwaimiranji?"

Ndinati, "Tcheni chinagwa."

Anayang'ana tcheni. Chinali pamalo pake, chamafuta bwinobwino, ndipo manja anga anali oyera. Ndinawapukuta kumaso ndi chitenje, ndinawathandiza kukwera, ndinagwira chishalo n'kuthamanga nawo mpaka kumapeto kwa lole, ndinawakankha kolimba n'kusiya. Ndinamva belu, lofooka, kenako phokoso la anthu. Nditafika ndinapeza awapatsa kale kapu. ATembo anadula okha legeni n'kuwapatsa, akuti munthu uyu ndi chitsulo, wakwera ndi malungo. Palibe anandifunsa kanthu tsikulo, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa sindidziwa chimene ndikanayankha. Agogo anu anayang'ana nthambi, nati manja akunjenjemera, adzamanga ulendo wina, n'kuika legenilo m'thumba.

Ulendo winawo sunabwere. Anagona kwa amishoni sabata yathunthu, ndipo anatuluka chifuwa chitasintha. Nthawi yomweyo malole ndi mabasi anachuluka, nsomba zinayamba kufika mu Lusaka tsiku lomwelo, ndipo wanjinga ankafika msika utakhuta kale. Anayamba zokonza njinga, ine ndinayamba tomato ndi zitumbuwa. Njinga yakuda ija inapita kwa mphwawo kukanyamula makala mpaka inathyoka msana. Mwina pano ili m'geti la munthu, mukudziwa owotcherera a kuno sataya chitsulo.

Mufunsa kuti bwanji sindinapalasenso, poti pambuyo pake akazi anayamba kupalasa poyera, ngakhale masisitere. Ndinkaopa kuti wina akandiona adzakumbukira Manenekela. Komanso, kunena zoona, kupalasa kuchoka pano kupita ku Kaunda Square, pamalo osalala ngati mphasa, kukanangondikumbutsa chimene ndinasiya. Kenako maondo anatha, nkhani inathera pomwepo. Ndinadutsako kamodzi pabasi popita kumaliro ku Katete. Anandikhazika pakati, pawindo ataunjikapo matumba a ufa, ndipo pomwe ndinkapempha mnyamata wa basi kuti andisunthire thumba limodzi, phiri linali litatha. Phiri limene tinkalimbana nalo theka la tsiku, basi inalidya nthawi yosakwana kupsa kwa tiyi. Sindinaone ngati mkuyu ulipo.

Agogo anu ndi ine tinakhala zaka zonsezo osaitchula nkhaniyo. Anthu akamawatama, ankangoti zinali kale. Mwezi wawo womaliza, atakhala pakhonde pompano, pomwe wakhala iwe Mabvuto, dzuwa likupendeka ngati leroli, anandituma kukatenga kachikwama kachikopa ka masipanala kamene kankalendewera kuseri kwa chishalo. Anakatsegula movutikira, anatulutsa legeni lija, analiika m'dzanja langa n'kupinda zala zanga.

Anati, "Tcheni chija sichinagwe. Ili n'lanu."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Imwani phala lanu lisanazizire." Ndinapita kuseri kwa nyumba ngati ndikukaanula zovala. Ndinawakwiyira, ana inu. Zaka zonsezo ankadziwa, ndipo anadikira mpaka maondo anga atatha, mpaka iwo ali pakhomo la manda, kuti anene mawu asanu okha. Ndinawakwiyira ndipo ndinawakonda nthawi yomweyo, pakuti munthu wina akanalimanga panthambi tsiku lomwe lija n'kuiwala. Iwo analisunga, ndipo ndikuganiza kuti linkawalemera kuposa mtanga. Ndimawasowa. Ndimasowa fungo la palafini m'manja mwawo, ndimasowa mpweya wawo m'khutu langa pamsewu wautali uja. Koma ndikanama ndikati ndi iwo okha amene ndimasowa.

Onse amene akanaseka anapita. ATembo tinawaika kumanda a ku Chingwere kalekale, nyimbo zawo zili nawo komweko. Dzina la agogo anu palibenso angaliwononge, ndipo inu musalichepetse, anali ngwazi. Pampopi musakanene kanthu, asiyeni azinena za mendo ya ambuye bamuna. Ine ndangofuna kuti awiri inu mudziwe.

Zione, tambasula dzanja. Legeni lija ndalimasula pa mfundo ya chitenje, ndi ili. Usalikoke, lauma, lili ndi ming'alu, likhoza kuduka. Ndalikulunga ndi ulusi kuti lipirire. Uliike m'kathumba ka kumsana kwa malaya ako aja. Anzako akafuna kuyambira pamwamba, uwauze kuti agogo ako akuti phiri amaliyambira kumunsi, kumtsinje. Magiya ako onsewo ugwiritse ntchito, sindikuletsa, nanenso ndikanakhala nawo sindikanawakana. Pakati pa kona lachiwiri ndi lachitatu udzutse mutu uone chigwa.

Lole yopsa sudzaipeza, ogula zitsulo anaitola kale. Koma pamalopo udzapadziwa, ndi pomwe msewu umakhota komaliza n'kuyamba kufewa. Pamenepo kaya wina wakuitana, kaya mnzako wagwa mphwayi, kaya pamwamba pali amuna akuyang'ana, iwe usagwire buleki. Upalase mpaka pamkuyu. Ukapeza anaudula n'kuotcha makala, umange pa chilichonse chimene chaima pamenepo, ngakhale chitsulo cha m'mbali mwa msewu. Akakufunsa kuti kachingwe kakutha aka n'ka ndani, uwauze kuti n'ka Nachisale wa ku Kalingalinga. Uwauze kuti anachedwa pakona, koma wafika.